Tsiku Limene Tinagwa Tonse Awiri

Abale anga mwa Ambuye, ambiri a inu munkandidziwa ndi dzina loti Kamiyau. Dzina langa la ubatizo ndine Selesitino, koma kwa zaka zambiri palibe amene ankandiitana nalo.

Ndinabatizidwa konkuno ku Lifidzi. Ndinaphunzira pa shikola ya ansembe, ndipo ndili wamng'ono ndinkatumikira pa Misa. Koma thupi litakula, mtima unakulanso. Ndinasiya shikola n'kupita ku Kalomwe, kumalire, kukanyamula katundu.

Ntchito yanga inali kukweza matumba a mbatatesi ndi nyemba m'makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja. Thumba limene anzanga ankaligwira awiri, ine ndinkaliponya paphewa ndekha. Anthu anati uyu si munthu, ndi kamiyau. Dzinalo linandikomera.

Kuseri kwa nyumba imene ndinkagona ndinapanga zitsulo zanga zolimbitsira thupi. Ndinathira simentu m'zitini ziwiri zikuluzikulu, pakati n'kulowetsa chitsulo cha galimoto yakufa. M'mawa uliwonse ndinkazinyamula, odutsa ataima n'kumandionerera. Pa Domingu, ena akamapita ku Misa, ine ndinali pa zitsulo. Ndikachoka pamenepo, ulendo wa ku baraka kukamwa mowa mpaka dzuwa kulowa.

Sindinkakana kuti Mulungu alipo. Ndinkangoti ndi wa anthu ofooka. Odwala, okalamba, amasiye, amenewo ndiwo amamufuna. Ine ndinali ndi mapewa anga.

Akazi anga, aNangozo, amene akhala kutsogoloku, ankatsala kumudzi kulima ndi kulera ana. Ankandipempherera, ine n'kumaseka. Mutu utayamba kundiwawa kawirikawiri, anandikakamiza kupita kuchipatala. Kumeneko anandiyeza nati tensau yakwera, magazi akuthamanga moopsa, ndiyambe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndiponso ndisiye mowa. Ndinatuluka ndikupukusa mutu. Mumtima ndinati munthu wa thupi ngati langa sangakhale wodwala.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ndinawerama kuti ndikweze thumba. Dzanja lamanja silinandimvere. Ndinafuna kuitana mnzanga, koma lilime linalemera ngati mwala. Kenako ndinangoona nthaka ikubwera kumaso kwanga.

Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala ku Ulongwe. Anati ndi tirombozi, matenda ofa ziwalo. Mbali yonse ya kumanja inali ngati ya munthu wina. Pakamwa panapotoka. Malovu ankangotuluka okha, aNangozo n'kumandipukuta ndi nsonga ya kapulana yawo, chitenje chimene anavala.

M'chipatalamo munali mayi wina, a Jasinta, amene ntchito yawo ndi kulimbitsa matupi a odwala. Anabwera pakama panga atanyamula kagarafa, kabotolo kothiramo mchenga pang'ono. Anati ndiyambe kunyamula kameneko. Anagonanso pansi iwo eni, kundionetsa mmene munthu wofa mbali imodzi amadzukira akagwa.

Ndinayang'ana kagarafako, ndinakumbuka zitsulo zanga, mtima unawira. Ndinakakankha ndi dzanja lamanzere, kanagwa pansi, ine n'kutembenukira kukhoma. A Jasinta anakatola mwakachetechete. Anangoti khomo lawo ndi lotsegula tsiku limene ndidzafune.

Ananditengera kumudzi, ndipo kumeneko ndinagona. Chimanga chinacha, anthu anakolola, chisanu chinafika, ine ndili chigonere. Achibale ankati musamuvutitse, apumule. Ankanena mwachikondi, koma kugonako kunandidya. Mapewa aja anasungunuka. Ngakhale mwendo wabwinowo unayamba kuuma.

Anzanga a ku Kalomwe anabwera kamodzi. Anandiona, anayang'ana pansi, sanabwerenso. Sindiwadandaula. Ndikanakhala ine, sindikanabwera n'komwe.

A mphakati ankabwera kudzapemphera, ine n'kumatseka maso ngati ndagona. Mumtima ndinkati ngati Mulungu alipodi, anditenge basi. Ndinayamba kukana chakudya. Ndinkafuna kufa. Ndikunena izi poyera chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zathu muli ena amene akuganiza zomwezo lero.

Ana athu anali atakula, ali kutali. Ntchito yonse inagwera aNangozo. Muwaone mmene alili, kathupi kochepa. Iwo ndiwo ankandinyamula, kundisambitsa, kundiperekeza kuchimbudzi, kenako n'kutenga khasu kupita kudimba. Sindinawamvepo akudandaula. Ndinkangowamva akubuula akamawerama, ndipo ndinkakhala ngati sindikumva.

M'mawa wina kunazizira kwambiri. M'mudzi munali zii, anthu ambiri atapita kumaliro kutsidya kwa dambo. ANangozo anati anditulutse ndikaothere dzuwa. Anandigwira m'khwapa monga mwa masiku onse, n'kukoka. Pamsana pawo panamveka kuti thwa. Tinagwa tonse awiri, ine uku, iwo uko.

Anayesa kudzuka, analephera. Anayesanso, anangoluma mano. Tinagona pansi pozizira tikuyang'ana denga, popanda wina woti angatimve.

Patapita kanthawi ndinawamva akulankhula, koma sankalankhula ndi ine. Anati, "Ambuye, mphamvu zanga zathera pano. Amuna angawa ndi anu, ine ndimangowasunga. Ndalephera, anyamuleni ndinu."

Mawu amenewo anandibaya. Moyo wanga wonse ndinkadziona ngati wonyamula. Pansi pamenepo ndinazindikira kuti wonyamulidwa ndinali ine, kuyambira kalekale ndisanadwale, ndipo wondinyamulayo tsopano wathyoka chifukwa cha kuuma mtima kwanga. Ndinalira. Ndi pakamwa popotoka ndinati, "Yesu, ndithandizeni. Sindingathe." Linali pemphero langa loyamba chichokere ku ubwana.

Dzanja silinawongoke nthawi yomweyo ayi. Koma mkwiyo umene unandimanga miyezi yonse ija unachoka. Ndipo m'mutu mwanga munabwera bwinobwino zimene a Jasinta anandionetsa tsiku lija, zomwe ndinkayesa kuti sindinaziyang'ane n'komwe. Kugubuduka chammbali. Kutsamira pa chigongono chabwino. Kupinda mawondo. Kugwira mpando.

Ndinayesa, ndinagwa. Ndinayesanso. Thukuta linatuluka m'chisanu chija. Mapeto ake ndinapezeka nditagwada, dzanja lamanzere lili pampando. ANangozo anandiyang'ana ali chigonere, n'kundiitana ndi mfunda wanga nati, "AJere, mwagwadatu." Tinaseka tonse awiri, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinadzikhwekhwereza mpaka pakhomo. Ndinatola chikuni n'kuyamba kumenya ndowa, mpaka mayi wina wochokera kumadzi anamva nathamanga kukaitana anthu.

ANangozo atapezako bwino, ndinawapempha kuti andiitanire wansembe. Anabwera, anakhala pamphasa pafupi ndi ine. Ndinkalankhula movutikira, koma anadikira liwu lililonse mpaka nditamaliza kulapa. Tsiku limenelo ndinalandira Ukaristia, ndipo chakudya cha masana ndinadya chonse.

Kenako tinakwera chapa, kabasi ka matola, kubwerera ku Ulongwe. Ndinkaopa kuti a Jasinta andikumbutsa zimene ndinachita. Sanatero. Anatikhazika pansi tonse awiri n'kutifotokozera.

Anati alipo anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza za minofu. Amayeza othamanga ndi osewera mpira, amayezanso odwala ndi okalamba. Chimene apeza n'chakuti mnofu ndi umodzi. Wa katswiri wa mpira ndi wa munthu wodwala tirombozi umamvera lamulo lomwelo. Uupatse katundu woposa pang'ono amene unazolowera, uupumitse, uudyetse, kenako uwonjezere. Ukauleka umatha. Ukauchulutsira umavulala. Anati kale odwala ankangouzidwa kuti agone, koma tsopano zadziwika kuti kugona kopitirira kumafooketsa munthu kwambiri.

Ndinadabwa. Zaka zonse zija ndinanyamula zitsulo, koma zimenezi sindinkazidziwa. Ine ndinkanyamula kuti anthu andione.

Tinayamba ndi mpando. Kukhala, kuimirira, kukhalanso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Anandiletsa kugwira mpweya ponyamula, monga ndinkachitira kale, chifukwa zimakweza tensau. Kunyumba tinamanga mphira ya chubu cha njinga pa mtengo wa pichesi wa pabwalo, ndizikoka ndi dzanja lofookalo. Kagarafa kaja ndinakalandira ndi ulemu. Mchenga unkawonjezeka pang'onopang'ono, mpaka tinafuna garafa lalikulu.

Mankhwala ndinayamba kumwa. Mchere tinachepetsa. Mowa ndinausiya, ndipo Ambuye anandichotsera ngakhale chilakolako chake. ANangozo nawonso anapatsidwa zolimbitsa msana, n'kuphunzitsidwa kunyamula katundu ndi miyendo, osati ndi msana.

Musaganize kuti zinali zophweka. Panali masabata amene sindinkaona kusintha kulikonse. Tsiku lina ndinakwiya n'kuponya ndodo yanga patchire, kenako n'kusowa choyendera kuti ndikaitole. Ndinakhala pamwala mpaka aNangozo atabwera kuchokera kudimba. Anangokaitola n'kundipatsa.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kapempheredwe. Ndinaleka kupempha kuti ndichire lero lomwe. Ndinayamba kupempha mtima wobwereza, kuti mawa ndidzukenso ndikakoke mphira ija ngakhale dzulo sizinayende. Pemphero limenelo Ambuye sanandikanizepo.

Mvula itayamba kugwa, ndinayenda ndekha ndi ndodo kuchokera kunyumba kufika pa tchalitchi pano. Ndinanyamuka mamawa, koma ndinafika Misa ili pakati. Ena a inu munalipo. Munatembenuka, oimba anasokonezeka, ndipo amayi ena analuluta mkati mwa Misa. Wansembe sanawaletse.

Sindikunamizani kuti ndinachira zonse. Zala izi, taonani, zinakana kutambasuka. Mwendo umakoka ndikatopa. Thumba la mbatatesi sindidzaliponyanso paphewa. Koma ndimasamba ndekha. Ndimapalira nyemba ndi khasu laling'ono. Madzi a m'nyumba mwathu amene amatunga tsopano ndine, ndipo amene amaseka aseke. Mtendere umene ndili nawo lero sindinaulawepo nthawi ya mphamvu zanga.

Wina anandifunsa kuti anandidzutsa ndani, Mulungu kapena chipatala. Ndinamufunsanso kuti amene anaumba mnofu kuti uzikula ukagwira ntchito ndani, nanga amene anapatsa anthu nzeru zofufuzira zimenezi ndani. A Jasinta anandionetsa njira ndili m'chipatala, koma mtima woyendamo ndinalibe. Mtimawo anandipatsa ndi Yesu, ndili chigonere pansi m'nyumba mwanga.

Masiku ano pa Sabudu, tsiku Loweruka, m'mawa timakumana pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi. Pamabwera a shuga, a tensau, a mawondo, ndi ofa ziwalo ngati ine. Aliyense amayamba wakayezedwa kuchipatala, ndipo a Jasinta amatiyendera nthawi zina kudzaona ngati tikuchita moyenera. Osewera mpira a parokiya yathu nawonso anayamba kubwera. Iwo amathamanga ndi kudumpha mbali yawo, ife ndi mipando yathu mbali ino, koma pemphero loyambira ndi limodzi. Ndimawauza kuti thupi limafuna tsiku lopuma, ndiponso kuti akayezetse tensau ngakhale akudziona amphamvu.

Pali agogo ena amene anabwera atanyamulidwa pa njinga, akuti sangathe kudzuka pampando popanda wowakoka. Mwezi wathawu anadzuka okha, ndipo anakana kukhalanso pansi mpaka titamaliza kuimba.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mukudalira thupi lanu. Thupi ndi mphatso yabwino, lisamaleni, lilimbitseni. Koma musaligwadire, chifukwa silingakupulumutseni. Bwererani kwa amene analipanga lidakali lamphamvu.

Inu amene muli ndi wodwala kunyumba, musamubise. Musamuphe ndi chifundo chomugoneka. Pitani naye kuchipatala, funsani zimene angathe kuchita, ndipo musanyamule nokha mpaka kuthyoka. Tiitaneni.

Ndipo ngati mawu awa afika kwa wina amene watembenukira kukhoma, amene akuti basi zake zatha, ndikuti m'bale wanga, ndikudziwa kumene uli. Yesu sadikira kuti uyambe waimirira. Amabwera pansi pomwepo pamene wagwera. Muitane ndi pakamwa pomwe uli napo, ngakhale popotoka, adzamva. Ngati sungathe kufika pa Sabudu, titumizire mawu. Tibwera ife kwanu, ndipo mpando tibwera nawo.

Abale anga, ndalankhula nthawi yonseyi nditaimirira, osagwira kanthu. Tsopano ndikukakhala pansi, pang'onopang'ono, ndekha, inu mukuona. Ulemu wonse upite kwa Ambuye wathu Yesu Kristu, amene amadzutsa ogwa, lero ndi masiku onse. Amen.