Alamu Athu Amene Tinawasiyitsa Ntchito

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 ku Gimcheon, m'banja la a Seok osula mbale za mkuwa, ndipo anawatcha Gyeong-ran. Sukulu anayambira komweko, nakamaliza pa yunivesite ku Daegu mu 1984.

Mu 1989 anakwatiwa ndi achimwene anga, a Pyo Tae-sik, mwana wachisamba m'nyumba yathu ya ku Andong. Pa nthawiyo n'kuti malemu ali pa kafukufuku, akusakaniza mkuwa ndi siliva m'mankhwala pofuna kupha tizilombo timene tinasiya kumva mankhwala a kuchipatala. Ntchitoyo ankaikonda koposa.

Zotsatirazi ndiwerenga ndi manyazi. Mu 1999 mayi athu atamwalira, nyumba inasowa wokonza nsembe za makolo, zimene kwathu timapereka kakhumi ndi kawiri pa chaka. Mwambo umati udindowo ndi wa mkazi wa wachisamba. Malemu anapempha zaka zitatu zokha kuti amalize zimene anayamba. Banja linatuma ine kukawakaniza, ndipo ndinawauza kuti, "Alamu, tizilombo tanuto tingadikire, makolo sadikira." Ndinaseka, ndikudziona wanzeru. Iwo anatula pansi ntchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi anaphika, nakwecha mbale za nsembe ndi mapesi a mpunga, ife amuna tikungobwera kudzagwada ndi kudya.

Mu Seputembala 2023 anagwa nathyoka m'chiuno. Atawachita opaleshoni, bala linayamba mafinya. Madokotala anayesa mankhwala a mitundu isanu, onse osaphula kanthu. Malemu anafunsa dzina la kachilomboko, ndipo atalimva anandicheukira nati, "Akaka ndimakadziwa, alamu. Ndi komwe kaja ndinakasiya m'galasi la kafukufuku." Sindikunena kuti akanapeza mankhwala ake, zimenezo palibe akudziwa. Koma mpata woyesa tinawalanda ndife. Anatisiya pa 2 Novembala.

Asiya amuna awo, ana awiri, Yeon-ju ndi Do-gyeom, ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira. Tikuthokozanso anzawo a kuntchito amene akhala kumbuyoko, amene abwera lero ngakhale kuti sitinawaitanepo m'nyumba mwathu ndi tsiku limodzi lomwe.

Alamu, mzimu wanu uuse mumtendere. Chikhululuko sindikupemphani pano. Nthawi yopempha ndinali nayo yambiri, inu muli moyo.