Kakalendala Kamasiye

Mvula inkawaza pasiteji ya basi. Mayi wina, chikwama cha laputopu chili pamiyendo, anawerenganso uthenga pafoni n'kuusa moyo, ndipo bambo wachikulire amene anali naye pabenchi anatembenuka.

"Pepani mayi, ndi maliro?"

"Maliro ndithu, koma munthuyo sindinamuonepo."

"Ndiye anali ndani wanu?"

"Ine ndimapanga mabatani ndi mafomu a pakompyuta okonzeratu, anthu n'kumatenga kukaika pa mawebusayiti awo. Koma kakalendala kosankhira tsiku si kanga. Ndinakabwereka kwa munthu wina wakutali, ndipo zanga zonse zimatsamira pa kakeko. Kayamba kuvuta, ndiye ndinamulembera. Wayankha ndi mkazi wake, akuti anamwalira."

"Ayi, zachisoni. Nanga simungangokachotsa?"

"Pali chipatala chimene chimagwiritsa ntchito zanga. Ndikakachotsa, odwala sathanso kusankha tsiku loonana ndi dokotala."

"Pezani wina akakonze."

"Pasiwedi yolowera pamene ankakasungira, malemuyo anapita nayo. Tonsefe okagwiritsa ntchito tinkangotenga, bambo. Palibe amene anafunsapo kuti akadzadwala zidzatha bwanji. Ngakhale zikomo sitinanene."

"Ndiye mutani?"

"Ndikakopera n'kukalowetsa m'zinthu zangazo, ndizikasamalira ndekha. Mwiniwake analemba kuti aliyense angatero."

"Mwatola mwana wamasiyetu apa."

"Ndili nawo kale ana atatu kunyumba. Akanso kazindisowetsa tulo, ndikudziwa."

"Ndiye mukapatsa dzina lanu?"

Basi inali itafika. Mayiyo anaika foni m'chikwama n'kuimirira.

"Ayi. La bambo ake likhala pamwamba pomwepo."