Bwana wa Loji Pakhonde Panga

Abusa, moni. Akulu ampingo, moni. Amayi anzanga a mbali ino, achinyamata a kumbuyo uko, ndi inu akwaya amene mwatiwongola mafupa m'mawa uno, moni nonse m'dzina la Yesu. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Sindichedwa, abusa, musayang'ane wotchi.

Ambiri mukumudziwa Edina, mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Uyo wakhala apoyo, wabisa nkhope mu kapulana, nsalu yangayo. Bisa, mwanawe, bisa, koma ine ndinena. Ndinamulera ndi manja awa, ndikuthyola tiyi ku esiteti. Ine sukulu ndinangoidutsa pakhomo, dzina langa ndimasaina ndi chala. Koma iye anaphunzira, anaphunzira mpaka ku Blantyre, n'kubwerera kwathu kuno ndi laputopu ndi ntchito imene inanditengera nthawi kuti ndiimvetse.

Ntchitoyo ndi iyi, mumve bwino. Mlendo akafuna kudzakwera phiri lathuli, asananyamuke kwawo amatenga foni n'kulemba kuti, malo ogona ku Mulanje. Ndiye pamabwera mayina. Lina pamwamba, lina pansi, lina pansi penipeni posafika munthu. Eni maloji, eni malesitilanti, operekeza alendo kuphiri, amamulemba Edina ntchito yoti mayina awo azioneka pamwamba. Ndinamufunsa kuti, kodi dzinalo umalikankha ndi chiyani?

Iye akuti, "Anganga, pa Chinakanaka paja, wogulitsa nanazi wa m'mphepete mwa msewu ndi wa kuseri kwa mashopu, amatha msanga ndani? Ine ndimalambula njira yopita kwa wa kuseriyo. Ndimakonza mawu a patsamba lake, zithunzi, mapu, nambala ya foni, kuti makina a pa intaneti amudziwe ndi kumukhulupirira. Koma makinawo si anga, sindiwalamula. Ndipo zimatenga miyezi."

Ndinati chabwino, lambula mwanangu, lambula.

Makasitomala ake ambiri ndi anthu abwinobwino. Koma panabwera mmodzi. Dzina sinditchula, sindinabwere kudzadya munthu miseche paguwa. Ndingoti bwana wa loji.

Bwana wa loji anafuna nambala wani, dzina lake likhale pamwamba penipeni. Osati mawa, lero. Amadzuka m'mawa, asanasukusule, n'kulemba pa foni kufufuza loji yake. Akaipeza pansi, foni kwa Edina. Masana afufuzenso, foni kwa Edina. Tikudya, foni. Tili kumunda, foni. Tili pamaliro a mnansi wathu, azimayi tikuimba, foni ikunjenjemera m'chikwama ngati muli nkhululu. Lero akuti chotsa chithunzichi, mawa akuti wachotseranji. Tsiku lina anapatsa mphwake tsamba lija kuti alikongoletse, mphwakeyo n'kufufuta zonse zimene Edina anakonza. Dzina linatsika. Wolakwa ndani? Edina.

Abale, ine ndinaona mwana akutha. Mwana wodya, mwana woseka, anayamba kusiya kalongonda m'mbale. Foni ikalira ankadzidzimuka ngati waponda minga. Ndimati mwanawe, musiye munthuyo. Iye amati, "Anganga, simukudziwa. Amadziwana ndi eni maloji onse. Wanena kuti ndikamusiya awauza kuti ndine wakuba." Ndipo sanali kungoopseza. Anayamba kale kulankhula, kasitomala mmodzi n'kuchoka.

Tsiku lina tikutsuka mbale, Edina anangoti, "Anganga, ndikupita ku Joni. Mnzanga wandipezera malo pa saluni. Kuno dzina langa lawonongeka."

Ku Joni! Amayi inu, ku Joni! Ine ndinawoloka malire pa Muloza nthawi ya nkhondo, mayi ake a Edina ali kumsana, mphika pamutu. Ndikudziwa kukhala mlendo m'dziko la eni. Ndinati Ambuye, malire ndinawoloka ine, ndinawolokera banja lonse. Uyu yekha amene mwandisiyira, asawoloke. Ndinapemphera ndikutunga madzi, ndinapemphera ndikusesa. Sindinapemphe kuti bwanayo afe, ayi. Ndinangoti, Ambuye, mwanayu mutsekuleni pakamwa.

Ndiye tamvani mmene Mulungu amachitira.

M'mawa wina, chiperoni chikuwaza, ndili pakhonde ndikusenda nandolo, ndinangoona galimoto yaima pa mpanda. Kutsika munthu wa jekete, mimba patsogolo, paketi ya shuga m'manja. Edina atasuzumira pawindo anangoti, "Ndi iwowo," n'kuthawira kuchipinda.

Bwanayo anachita zaulemu, ndisamunamizire. Anagogoda ndi pakamwa, ndinamupatsa mpando, tinalonjerana mpaka za mvula. Kenako anati, "Mayi, kwathu kuno mwana akavuta sitilimbana naye, timapita kwa akuluakulu. Ndabwera kwa inu eni mwana. Mdzukulu wanuyu samva."

Ndinati, "Wakana chiyani, bwana?"

Akuti, "Pa intaneti, anthu amene anagona pamalo amalemba mmene anaonera, n'kupereka nyenyezi. Nyenyezi zikachuluka, alendo amabwera. Ndamuuza kuti alembe yekha zambirimbiri ndi mayina osiyanasiyana, iye akukana. Ndiye ndaganiza njira ina. Ndamva kuti inu amayi a kutchalitchi amakumverani. Amayiwo ali ndi mafoni. Aliyense alembe ndi dzina lake kuti anagona ku loji kwanga, anadya bwino, anasamba madzi otentha. Osatha kulemba, Edina awalembere. Ine ndigulira gulu lonse nsalu ya yunifomu."

Mwamva, amayi? Munatsala pang'ono kugona ku loji osadziwa! Musaseke, ndi zoona izi. Mayi abusa, ndi inu nomwe munali m'gulu.

Ndinaika lichero pansi. Ndinati, "Bwana, mwaganiza bwino za nyenyezi, koma simunaganize za amuna. Amayi amenewa ndi okwatiwa. Mukufuna alembe ndi mayina awo, dziko lonse liwerenge, kuti anagona ku loji ndipo anasangalala? Anagona ndi yani? Anapita liti? Mwamuna wake akuti anali ku chitsitsimutso, foni ikuti anali ku loji. Ankhoswe a m'mudzi muno apuma? Mabanja mukawaphwasula, nsalu yanuyo tikavalira ku khoti?"

Sindinamupatse mpata.

Ndinati, "Ndipo china. Ine ku loji kwanu sindinafikeko. Madzi anu sindinawakhudze. Kunena kuti ndinaona chimene sindinaone, kwathu kutchalitchi kuli ndi dzina lake, ndipo n'loletsedwa. Koma poti mwabweretsa nkhani kwa akuluakulu, tiimva ngati nkhani. Mbali imodzi yalankhula. Edina! Tuluka, tenga mpando."

Anatuluka mwana. Anafuna kukhala pansi pa mkeka. Ndinati ayi, pampando, lero si iwe mwana, ndiwe wa ntchito. Lankhula.

Poyamba mawu ankatuluka pang'onopang'ono ngati mpopi wa m'chilimwe. Kenako anatuluka onse. Anati, "Bwana, nambala wani sindinakulonjezeni, ndipo palibe angakulonjezeni moona. Nyenyezi zabodza zikagwidwa zimachotsedwa, ndipo dzina lanu likhoza kutsikiratu. Alendo enieni analemba kale, ndinakuwerengerani. Akuti malo ndi okongola, koma foni ya pa loji siyankhidwa, ndipo madzi osamba ndi ozizira. Zimenezo si za pa laputopu, ndi za kwanu."

Bwana uja akuti, "Iwe ukundiphunzitsa bizinesi?"

Edina akuti, "Ayi, ndikukuuzani mmene ndingagwirire nanu. Muziimba nthawi ya ntchito yokha. Tizikumana kamodzi pamwezi, ndikuonetseni pamene tafika. Tsamba lisagwidwe ndi munthu wina. Bodza sindilemba. Ngati zimenezi sizikukukomerani, ndikupatsani lero lomwe mawu achinsinsi olowera patsamba lanu, mupeze wina. Sindiwononga kanthu, sindibisa kanthu."

Abale, ine ndinayang'ana mwana ameneyu, ndinati kodi ndi yemwe uja amadzidzimuka ndi foni? Mtima wanga unayamba kuvina ndili chikhalire.

Bwana anaimirira, mpando mpaka kugwa. Akuti, "Ndiye kuti ukundichotsa ntchito? Ine? Wolemba ntchito ndine, ukundichotsa ndiwe?"

Edina anangoti, "Mwasankha nokha, bwana."

Anamupatsa mawu achinsinsi aja pomwepo, ine ndikuona. Bwana anayenda kukafika pa mpanda, anaima, anabwerera. Ndinati mwina mtima wafewa. Ayi ndithu, amadzatenga shuga wake.

Tsono ndisakometse nkhani, ndili pamaso pa Mulungu. Sikuti m'mawa mwake makasitomala anadzaza pabwalo. Bwanayo anakalankhuladi zoipa, ndipo winanso mmodzi anachoka. Panapita nthawi kuli zii. Ine ndinkayang'ana chikwama cha ulendo cha Edina pamwamba pa kabati, ndikuti kodi chitsika liti. Koma ndinaona chinthu. Mwana anayamba kudya. Mwana anayamba kugona. Anayambanso kundiseka ndikamaitana laputopu kuti wailesi.

Amene anatsala anatsaladi, chifukwa ankaona ntchito. Kenako kunabwera atsopano, mmodzimmodzi. Mayi wina wa lesitilanti pa Boma. Bambo wina wa malo ogona ku Muloza, amene amafuna kuti ndi a ku Milange omwe, kutsidya kwa malire, azimupeza pa foni. Ndipo Edina anasintha kayambidwe. Masiku ano munthu akabwera, asanatsekule n'komwe laputopu, amamuuza mawu omwe aja a pakhonde. Nambala wani sindilonjeza. Zimatenga miyezi. Bodza sindilemba. Foni nthawi ya ntchito. Wina akamva amanyamuka pomwepo, ndipo Edina amamuperekeza mpaka pa mpanda mwaulemu. Wina amati, ndimafuna munthu wotere. Ovuta alipobe, sadzatha. Mayi wa lesitilanti uja amafuna chithunzi chake chizikhala chachikulu kuposa cha chakudya. Koma tsopano mwana amadziwa poyambira ndi polekezera.

Za bwana wa loji musandifunse, sindikudziwa pamene dzina lake lili. Ndimamupempherera. Inunso mumupempherere, ndi munthu wa Mulungu, angokonza madziwo.

Sabata yathayi mnzake uja wa ku Joni anaimba. Tinali limodzi kukhitchini, ndinamva ndi makutu anga awa. Akuti, "Edina, malo aja akufuna yankho, ubwera kapena ayi?" Ine ndinali nditagwira chipande. Edina anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Malowo upatse wina, asisi. Ine ntchito ndili nayo kwathu."

Kwathu, abale! Anati kwathu!

Zikomo Ambuye, munatsekula pakamwa pa mwana wamasiye. Zikomo Ambuye, munabweretsa mdani ndi miyendo yake pakhonde panga. Zikomo abusa, zikomo amayi amene munandigwira dzanja ndikulira osafunsa zambiri.

Tsono musandisiye ndisangalale ndekha, nkhalamba ingagwe. Amayi, imirirani, mangani nsalu. Akwaya, igwireni ng'omayo. Edina, vundukula nkhope, anthu aone amene sakupita. Nthungululu zimveke mpaka kuphiri! Aleluya! Amen!