A Mizere Iwiri Akutisiya

Akuluakulu a dipatimenti, aphunzitsi anzanga, mayi akunyumba ndi ana, ndi inu ophunzira amene mwangotsatira fungo la chakudya, ndakupatsani moni nonse.

Choyamba, chilengezo chachikulu. Mpando wopendekeka wa pawindo la labu, umene taulambalala zaka makumi atatu, kuyambira Lolemba aliyense akhoza kukhalapo. Osakanganirana.

Mwini wake, amene akupuma ntchito lero, timawatcha a Mizere Iwiri. Ana inu, imvani gwero la dzinali. Tili anyamata, bambo anu ankapima RNA, uthenga umene selo limakopera ku jini kuti lipange puloteni. Ayi mayi, si majini ogwira anthu aja. Ankayembekezera mzere umodzi pa chithunzi. Inatuluka iwiri. Anataya zonse. Kubwereza, iwirinso. Miyezi itatu akundiloza chala: "Iwe, m'manja mwakomo umasambamo?" Ndinasamba mpaka khungu kusupuka.

Chonsecho palibe analakwa. Selo limadula uthengawo n'kulumikiza zidutswa. Pena limasunga chidutswa china, pena limachidumpha. Jini imodzi, mauthenga awiri, wautali ndi waufupi, ndiye mapuloteni awirinso osiyana ntchito. Koma likadumpha posayenera kudumpha, puloteni imatuluka yoperewera, mwana n'kumalephera ngakhale kuimika khosi. Bambo anu atazindikira zimenezi, mukuganiza anandipepesa? Anangoti, "Ukhondo sunaphepo munthu."

Moyo wawo wonse anauthera pa ana oterowo. Makolo ambiri, atatopa n'kuyendayenda, dzina la matenda a mwana wawo analimvera kwa iwo. Achimwene, zikomo.

Tsono enanu mukudziwa kuti kunatsala zaka zitatu kuti apume ntchito. Koma maso awo ayamba kuchita nkhungu. Chaka chatha anasinthanitsa machubu a magazi a ana awiri. Ndinakonza mwakachetechete. Kachiwiri, ndinakonzanso. Kachitatu ndinakwera masitepe, ulendo wa ku ofesi ya akuluakulu.

Achimwene, mwakhala mukufunsa kuti anakunenezani ndani. Mwasiya kupereka moni kwa anthu osalakwa. Ndine.

Mayi, pepani kuti ndanenera pamaso pa ana. Kuseri lilime linkandikanika.

Mukapume bwino. Maso amenewo akayang'ane zidzukulu akadali kuona. Mukapanda kuyankha foni yanga mawa, sindidandaula. Kungoti mnzanga ndinali naye mmodzi yekha.

Tiyeni tiwaombere m'manja. Mwamphamvu, chonde. Ine mawu andithera.