Mawu a Bambo Mwale Anakhomeredwa mu Kakhadi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Kwekwe, a m'mapulazi a ku Gweru, ndi inu amene munabwerera kumudzi. Ine ndine mai Mwale a ku Amaveni. Vuto limene ndikuchitira umboni lero ena aliona laling'ono, mwina aseka kumene: nyimbo za mu foni zinakana kuyimba. Koma m'nyimbozo munali mawu a malemu amuna anga, ndipo panalibenso kwina kumene ndikanawamva.

Bambo Mwale anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri, mpaka fumbi linawadya chifuwa. Asanadwale anali ndi mawu a besi oti mabenchi a m'tchalitchi ankachita kunjenjemera. Kwaya yathu, ya ife ana a anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambiki, inkayimba m'Chichewa, ndipo chaka china tinajambula nyimbo khumi. Munthu wina wa ku Gweru anaziika pa intaneti kuti anthu azigula, bambo n'kugula pa foni yawo monyadira ngati agula galimoto. Zimbale zochepa zimene tinagawana zinakalikakalika kalekale. Choncho bambo atatisiya, foni ija ndiyo inali chuma changa. M'mawa uliwonse ndinkaiika pazenera, ine n'kumasesa pabwalo iwo akuyimba.

Tsiku lina batire inatupa, foni n'kuzima osayakanso. Sindinade nkhawa kwenikweni, chifukwa nyimbo zinali mu kakhadi kosungira zinthu. Mwana wanga Chisomo, amene amagwira ntchito ku Joni, ananditumizira foni yatsopano. Nditalowetsa kakhadi, mayina a nyimbo zonse khumi anaoneka bwinobwino. Ndinadina yoyamba, foni inati singathe kutsegula. Yachiwiri chimodzimodzi, mpaka yakhumi. Ndinayesa mu kawailesi kanga kolowetsa khadi, koma iko kanangozidumpha zonse n'kukhala chete.

Mnansi wanga wina, amene sasowa chonena pa nkhani iliyonse, anati ndingosintha zilembo za kumapeto kwa dzina la nyimbo n'kulemba MP3, poti ndiwo mtundu umene wailesi iliyonse imalola. Ndinakhala masana onse ndikusintha, magalasi ali pamphuno. Foni sinapusitsike. Ndinali nditangosintha dzina la pa chitseko, koma chitseko chili chikhomere.

Ndinapita kumsika kwa bambo Moyo, amene amakonza mafoni ndi kuthira nyimbo m'makhadi. Anaika kakhadi mu kompyuta n'kuyesa kuzitembenuza nyimbozo kuti zikhale MP3 yeniyeni. Pulogalamu yoyamba inakaniratu. Yachiwiri inavomera, koma titatsegula munali mkokomo wokhawokha ngati mvula pa malata. Bambo Moyo anavula magalasi n'kundiuza kuti, "Mhamha, zvakaoma, zavutadi amayi. Nyimbozi sizinawonongeke, zinachita kukiyidwa. Anazigulitsa kuti ziziyimba mu akaunti ya mdala basi." Tinayesa kulowa mu akauntiyo, koma inkafuna nambala ya bambo, ndipo layiniyo a kampani ya mafoni anali ataipereka kale kwa munthu wina poti inakhala nthawi yaitali osagwira ntchito. Titafufuza amene ankagulitsa nyimbo aja, tinapeza kuti anatseka.

Ine mtima wanga ndi wapachala, onse a ku Amaveni amadziwa. Ndinawakalipira bambo Moyo pakati pa msika ngati ndiwo anakhoma. Ndinati chinthu chimene amuna anga anayimba ndi pakamwa pawo, n'kugulanso okha, chingandikanize bwanji m'nyumba mwawo momwe? Iwo anangondibwezera kakhadi ndi manja awiri. Mawa lake ndinakapepesa, nditanyamula mbatata zophika.

Masiku otsatirawo anali owawa. Ndinkasesa pabwalo kuli zii. Choopsa kwambiri chinali chakuti ndinayamba kuiwala mmene bambo ankalowera mu nyimbo yachitatu. Ndinkayesa kukumbukira, koma m'mutu munkabwera mawu a anthu ena. Ndinaona ngati ndikuwaikanso m'manda kachiwiri, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro. Pa msonkhano wa amayi wa Lachinayi ndinaimirira ndi manyazi, poti anzanga ankapempherera ana odwala ndi amuna opanda ntchito, ine n'kutulutsa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Palibe anaseka. Anandizungulira n'kupemphera kuti Mulungu amene amatsegula zotsekeka aone misozi yanga.

Apa ndiyenera kuulula tchimo langa. Mu kwaya ija munali mai Fombe, a banja lochokera ku Mozambiki, amene amuna awo ndiwo anatijambula ndi laputopu. Tsiku lojambulalo mai Fombe anaimitsa nyimbo n'kunena pamaso pa onse kuti ine ndikuthamanga poyimba, ndikusiya anzanga m'mbuyo. Ndinapsa mtima kwabasi. Kuyambira tsiku limenelo ndinawasungira chakukhosi. Atasamukira ku Somabhula sindinawatsanzike, ndipo atabwera pamaliro a bambo ndinawapatsa moni wa nsonga za zala. Popemphera ndinkatchula aliyense amene angandithandize, koma dzina lawo silinabwere n'komwe m'maganizo mwanga.

Patapita milungu iwiri, Loweruka m'mawa, ndinamva odi pageti. Anali mai Fombe, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Nkhani yanga inawapeza kudzera kwa mlamu wawo amene anali pa msonkhano uja. Anakhala pakhonde, n'kumasula kansalu, mkati muli chimbale chopanda chithunzi, cholembedwa ndi dzanja. Anati amuna awo asanatumize nyimbo ku Gweru anasunga zonse mmene anazijambulira, zisanadulidwe ndiponso zisanakhomedwe, ndipo iwo anazisunga m'sutukesi pansi pa yunifolomu ya amayi. "Ndinamva kuti mukuvutika, amake Chisomo," anatero. "Tiyeni tikaone ngati chikuyimbabe."

Tinapita limodzi kwa bambo Moyo, anthu a mumsika akutiyang'ana, poti ankadziwa za udani wathu. Kompyuta inawerenga chimbale chija mosavuta. Ntchito imene inakanika milungu yonse ija inatha madzi a tiyi asanawire, chifukwa nyimbozi zinalibe loko. Bambo Moyo anazithira mu kakhadi katsopano n'kunena kuti zina ndi zazitali kuposa zija zogula.

Kunyumba ndinafulula tiyi, n'kuika kawailesi pakati pathu. Ndinasankha nyimbo yachitatu. Poyamba kunamveka mabenchi akukokedwa, wina akutsokomola, kenaka kwaya inayamba, besi ya bambo Mwale n'kulowa ndendende mmene inkalowera. Ndinagwira pakamwa. Koma nyimbo isanafike pakati inaima, ndipo kunamveka mawu a mai Fombe akunena kuti ndikuthamanga. Kenaka mawu anga, okwera ndi aukali, oti mpaka ndinachita nawo manyazi. Mai Fombe anatambasula dzanja kuti azimitse wailesi, ine n'kuwagwira. Pamenepo ndi pamene bambo anamveka akuseka mu kawailesi, kuseka kwawo kuja kochokera pansi pa mimba, n'kunena kuti, "Aikona, amake Chisomo, mai Fombe akunena zoona. Musatisiye. Dikirani, tiyambire limodzi."

Abale anga, mawu amenewa ndinali nditawaiwaliratu. Tsiku lija mkwiyo unanditseka makutu, ndipo mu nyimbo zogula zija anawadula. Foni ikanapanda kufa, loko akanapanda kundikaniza, ndikanafa ndisanawamve. Ine ndinkapempha Mulungu kuti andibwezere kuyimba kwa amuna anga, Iye anandibwezera ndi kuseka komwe, ndi dzina langa lotuluka pakamwa pawo. Ndinagwada pakhonde pomwepo n'kupepesa kwa mai Fombe. Iwo anati ndidzuke tiyi akuzizira, koma nawonso misozi inali mbwembwembwe.

Lero nyimbozi zili mu foni yanga, mu kawailesi, kwa Chisomo ku Joni, ndiponso kwa onse a kwaya amene adakali moyo. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza amayi a Lachinayi amene sanaseke pemphero langa, ndi bambo Moyo amene anapirira pakamwa panga. Inu amene muli ndi chinthu chimene chakutsekerani, kaya chachikulu kaya chochepa ngati kakhadi kanga, musachite nacho manyazi pamaso pa Mulungu, ndipo musataye mtima. Koma mukamapemphera, yang'ananinso anthu amene munaleka kuwapatsa moni, chifukwa ine yankho langa linakhala zaka zonsezi m'sutukesi mwa munthu amene sindinkamulankhula.

Mwezi watha ndinakwera basi kupita ku Somabhula, ndipo Lamulungu mai Fombe anandiimika pambali pawo mu kwaya ya kumeneko. Atayambitsa nyimbo, mawu anga anafuna kuthamanga monga mwa kale. Ndinakumbukira mawu a bambo, ndipo ndinadikira. Ambuye alemekezeke.