Mabisiketi a Bu Wiwik

Pasiteji ya basi ku Semarang, m'dziko la Indonesia, Idi itayandikira, ndinawerama ngati ndikuwerenga, koma ndivomere kuti makutu anga anali kwa amayi awiri osadziwana. Wamng'onoyo anafukata mabotolo a mabisiketi a chinanazi.

"Mwagula kuti, achemwali?" anafunsa wamkuluyo.

"Ndaphika ndekha, mayi. Ndimagulitsa pa foni."

"Zophikira kunyumba? Aboma akugwirani."

"Anabwera kale. Aneba anga, Bu Wiwik, anakandinenera kuti mphaka wanga amagona pa ufa."

"Ndiye anakuletsani?"

"Anandiletsa, koma sindinagonje. Mphaka ndinakamusiya kwa apongozi, ndikulira. Khitchini ndinaikwecha mpaka anandipatsa chilolezo. Nambala yake nayi pachivindikiro."

"Basitu muwakhululukire anebawo. Uno ndi mwezi wosala."

"Tamvani kaye. Dzulo ayitanitsa mabotolo awiri pa dzina labodza, koma adiresi alemba yawo yomwe."

"Ndiye muwatumizira wa kabaza?"

"Wa kabaza wa chiyani, nyumba zoyang'anana? Ndikagogoda ndekha madzulo, alendo awo atadzadza pakhonde, ndiwawerengere nambalayi mokweza. Zokhululukirana timachita pa Idi, mayi. Idi sinakwane."