Chofunda chimene ndinayamba kuphwasula ndi lezala

Okondedwa mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine mayi a Tadala, ndimakhala ku Chileka, ndipo ndimasoka zofunda za zigamba za zitenje. Ndikufuna ndikuuzeni mmene anafunira kundilanda chinthu chokhacho chimene mwamuna wanga anandisiyira.

Bambo a Tadala anali wojambula. Ankapenta zithunzi pa nsalu n'kumagulitsa kwa alendo otsika ndege. Atamwalira, maliro asanazizire n'komwe, akulu awo a Gerevazio anabwera kuchokera kwawo ku Lirangwe n'kutenga zithunzi zonse, maburashi, ngakhale zitini za penti wouma. Ine mphamvu yolimbana nawo ndinalibe.

Mu foni yanga munatsala chithunzi chimodzi mwa zimene malemuwo anapenta, chimene ankachikonda: azimayi atasenza nkhuni, akudutsa pansi pa mlambe. Chisoni chikandigwira ndinkakhala pa makina n'kumachisoka pa chofunda, kachigamba kachigamba. Mlambewo ndinaudula pa malaya awo akale. Nditamaliza, mayi wina wogulitsa zaluso pafupi ndi bwalo la ndege anachikoleka mu shopu yake, nati ndisoke zina zotere.

A Gerevazio, amene ankatumiza zithunzi zija kwa ogulitsa omwewo, anachiona. Anafika pakhomo panga osalonjera. "Mlamu, chithunzichi chili ndi eni ake. Chili m'manja mwanga, ndiye kukopera popanda chilolezo changa ndi mlandu. Muphwasule." Mayi wa shopu uja anachita mantha, anandibwezera chofundacho, nati za milandu iye ayi.

Abale anga, ine za malamulo sindinkazidziwa. Ndinakhulupirira kuti ndine wakuba, wakuba zinthu za mwamuna wanga yemwe! Ndinatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi, misozi ili chuchuchu. Zinandiwawa ngati ndikuwaika m'manda kachiwiri. Pemphero langa silinali laulemu ayi. Ndinati, "Ambuye, munthuyo munatenga, sindinakufunseni. Nanga kansalu aka kakulakwirani chiyani?"

Yankho linabwera pa kabaza. Anatsika apongozi anga, mayi awo a malemuwo, munthu amene chikwatiwireni ine anali asanamwepo madzi a pakhomo panga, poti ankafunira mwana wawo mkazi wa ku Lirangwe komweko. Mtima wanga unati, basi, abwera kudzamalizitsa.

Anati anamva za mkanganowo ndipo akufuna aone okha. Ndinayala chofundacho pa mphasa, mbali imodzi ili yophwasuka. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza mayi wakutsogolo, wa duku lofiira. "Uyu ndine," anatero. "Anandijambula tikuchokera ku dimba. Nanga mkono wanga mwauchotseranji?" Atakhudza mlambe uja anazindikira malaya a mwana wawo. Anakhala pansi n'kulira mokweza, inenso n'kulira nawo.

Iwowo ndi amene anakoka a Gerevazio, ndi ine ndemwe, mpaka mu tauni ku ofesi yoona za umwini wa zaluso. Kumeneko anatifotokozera kuti kusunga nsalu yojambulidwa n'kwina, ufulu wokopera chithunzicho n'kwinanso. Ufuluwo unali wa wojambula, ndipo akamwalira umayenda ndi chuma cha masiye, chimene oyamba kuganiziridwa ndi mkazi ndi ana. Anandichenjezanso kuti chithunzi chojambulidwa ndi munthu wina ndisadzasoke ndisanapemphe mwini wake. A Gerevazio anatuluka osatsanzika, ndipo mpaka lero satilankhula. Zithunzi zija sanabweze, nkhaniyo ikanali pakati pa abale.

Koma ine ndikusoka, ndipo dzina la bambo a Tadala ndimalilemba ndi ulusi pa ngodya ya chofunda chilichonse. Choyamba chija sindinagulitse. Nditachikonza ndinapita nacho ku Lirangwe pamodzi ndi Tadala, kukachipereka kwa apongozi. Apongozi sananene kuti zikomo, si khalidwe lawo. Anangoti pa chofundapo mphuno ndawakulitsa, kenako anauza mdzukulu wawo, "Tadala, katengere mayi ako madzi akumwa, kuno ndi kwawo."

Ndikuyamika Mulungu amene anandimva ngakhale ndinamulankhula mwaukali. Inu amasiye anzanga, musafulumire kugwira lezala. Pempherani, funsani kwa odziwa, ndipo musamusankhire Mulungu munthu woti amutume.